Gasiketi ya hedi pa injini ya dizilo yowonjezeredwa mphamvu: yambani mwayeza, kugula kubwere pambuyo

Lole imene imayenda bwinobwino m'tauni ya Zomba muno, kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Mpondabwino singano ya kutentha ili phee pakati, ndi yomweyonso imakalavula madzi ikangoyamba kukwera phiri panjira ya Ku Chawe, kapena pa chitunda cha Machinga itasenza katundu. Mwini wake akafika pagalaja mawu amakhala amodzimodzi: "Amakaniko, gasiketi munandiikira ija inali yabodza." Nthawi zina amanena zoona, zabodza zilipo ndithu. Koma pa mainjini amene ndawatsegula atapsereza gasiketi kachiwiri kapena kachitatu, ambiri mlandu sunali wa wogulitsa. Inali injini yoti wina anaiwonjezera mphamvu, kenako gasiketi n'kusankhidwa ndi maso, popanda kuyeza kanthu.

Kuwonjezera mphamvu ndikunenaku ndi kumene timachita konkuno: kuika turbo pa injini yomwe inabwera yopanda turbo, monga 1HZ ya Land Cruiser, 3L ndi 5L ya Hilux ndi Dyna, kapena 4D33 ya Canter, kupotokola sikuluu ya mafuta pa pampu, kupititsa taimingi patsogolo, kapena kusintha pulogalamu ya kompyuta pa 1KD ndi 2KD za Toyota. Zonsezi zimakokadi, koma walira mvula walira matope. Silinda ya 1HZ ndi ya mamilimita 94 m'mimba mwake. Dizilo akayaka m'menemo pa presha ya 100 bar, hedi imakankhidwira m'mwamba ndi mphamvu ya matani pafupifupi 7, pa silinda imodzi yokha. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, silinda iliyonse imamenya nkhonya imeneyi ka 25 pa sekondi. Chimene chimaletsa motowo kutuluka si gasiketi payokha, ndi kufinya kwa mabawuti pa nkhope ziwiri zowongoka, ya hedi ndi ya buloko, zimene gasiketi imagona pakati pake. Mukawonjezera mpweya ndi mafuta, nkhonyayo imakula, mabawuti amatamuka pang'ono, hedi imanyamuka kampata kosaoneka ndi maso, moto n'kupeza njira.

1. Musataye gasiketi yakale musanaiwerenge

Musanamasule kanthu, funsani dalaivala kuti madzi amatuluka nthawi yanji. Ngati amatayika pachitunda pokhapokha, payipi ya radiyeta n'kumauma gwa ngati tayala, ndiye kuti hedi ikunyamuka injini ikalemedwa. Ngati payipiyo imakhala yolimbabe m'mawa injini itazizira usiku wonse, kapena mukuona thovu likubwira pakamwa pa radiyeta injini itangoliza kumene, mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi nthawi zonse, ndipo muyambe kukayikiranso mng'alu mu hedi.

Mukachotsa hedi, yalani gasiketi padzuwa. Yang'anani mphete yachitsulo yozungulira silinda iliyonse. Kamzere ka mwaye kodutsa pamphetepo kulunjika ku bowo la madzi ndi pamene moto unkadutsa. Ngati papsa pakati pa masilinda awiri oyandikana, kawirikawiri injiniyo inatentha kwambiri hedi n'kupindika. Mphete ikaphwanyika ngati yamenyedwa ndi hamala, ganizirani taimingi yopitirira patsogolo, nozo yodontha, kapena chizolowezi chopopera mankhwala olizira injini m'mawa. Pisitoni imodzi ikakhala yoyera mbee pamene zinzake zili bii, ndi imene imamwa madzi. Mukapanda kupeza chifukwa chake pano, gasiketi yatsopano idzafa imfa yomweyo.

2. Hedi ndi buloko ziwongoke, ndipo zisalale

Palani bwino zotsalira zonse, koma osati ndi giraindala kapena burashi ya waya ya pamakina. Zimenezo zimakumba timaenje tosaoneka. Kenako ikani chitsulo chowongoka choyezera m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kumalowetsa fila geji, timapepala tachitsulo toyezera mipata, pansi pake. Rula ya kusukulu kapena galasi la pawindo si zoyezera. Malire ake ali m'buku la injini yanu, ndipo pa injini yowonjezeredwa mphamvu ine sindidikira kufika pamalirewo: fila ya 0.10 mm ikalowa momasuka paliponse, kapena ya 0.05 mm ikalowa pakati pa masilinda, nkhope imeneyo ikufunika ntchito. Ambiri amayeza hedi yokha n'kuiwala buloko, chonsecho gasiketi imagona pakati pa ziwirizi.

Hedi ipite kukayezedwa ndi presha kuti muone ngati ili ndi mng'alu. Pa 1HZ, 3L ndi 5L dizilo amayamba kuyakira m'kachipinda kakang'ono ka mu hedi momwemo, ndiye hedi zimenezi zimasunga kutentha kwambiri, ndipo zikapatsidwa turbo zimakonda kung'aluka pakati pa mavalavu ndi pakamwa pa tizipindato. Ulendo wa ku Blantyre kukayezetsa umawawa m'thumba, koma kumasula injini kawiri kumawawa koposa. Ngati injini yanu ili ndi masilivu, mapaipi achitsulo olowetsedwa mu buloko momwe mapisitoni amayendamo, yezaninso kuti atuluka bwanji pamwamba pa buloko, ndipo onse afanane. Silivu imodzi ikamira, gasiketi iliyonse padziko pano idzapsera pomwepo.

Pokasikimitsa, ndiko kuti kukasengetsa nkhope pa makina kuti iwongoke, muwauze a makinawo mtundu wa gasiketi imene mudzaike. Nkhope ikhoza kukhala yowongoka koma yokhakhala. Yendetsani chikhadabo modutsa mizere ya makina: chikamakodwa, nkhope imeneyo si ya gasiketi yachitsulo.

3. Kutuluka kwa pisitoni ndiko kumasankha kuchindikala

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera, ndiye ndichedwapo.

Pa injini ya dizilo pisitoni ikafika pamwamba penipeni imatuluka pang'ono kupitirira nkhope ya buloko. Kampata kotsala pakati pa pisitoni ndi hedi sikakwana milimita imodzi, ndipo kampata kameneka kamapangidwa ndi gasiketi. N'chifukwa chake opanga mainjini amatulutsa magasiketi a injini imodzi ochindikala mosiyana. Pa 3L ndi 5L Toyota inalemba zilembo B, D ndi F, kusiyana kwake pafupifupi 0.10 mm kuchoka pa china kufika pa chinzake, F ndiye yochindikala kwambiri. Pa mainjini ena chizindikiro chimakhala timabowo kapena timano todulidwa m'mphepete mwa gasiketi. Cummins 6BT, imene imapezeka m'malole ena a Tata, ili ndi gasiketi yanthawi zonse komanso zina zowonjezera 0.25 mm ndi 0.50 mm za buloko yosikimidwa.

Kayezedwe kake n'kotere. Tsukani mitu ya mapisitoni, mwaye wonse uchoke. Ikani dial gauge, geji ya singano yoyeza kusuntha kochepa kwambiri, pa buloko, singano ikhale pa 0. Isunthireni pamutu pa pisitoni, zungulizani injini pang'onopang'ono mpaka singano isiye kukwera. Werengani pamalo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwa pisitoni motsatira mzere wa pini yake, chifukwa m'mbali zinazo pisitoni imapendekeka n'kukunamizani. Phatikizani manambala awiriwo, gawani pawiri, lembani. Chitani chimodzimodzi pa masilinda onse, ndipo pisitoni imene yatuluka kwambiri ndiyo imasankha gasiketi, mogwirizana ndi tebulo la m'buku la injiniyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonseyi siitha ola limodzi. Ngati dial gauge mulibe, bwerekani. Kuyeza ndi fila geji pansi pa chitsulo chogonekedwa pa pisitoni kumangokupatsani chithunzithunzi, ndipo pamene kusiyana kuli 0.10 mm chithunzithunzi sichikwanira.

Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja mwathu chakuti hedi ikasikimidwa, basi gulani gasiketi yochindikala kwambiri. Taganizani bwino. Hedi ya dizilo ndi yafulati. Mukaisenga pang'ono imakhalabe yafulati, ndipo pisitoni ikutuluka monga kale. Chimene chasintha ndi mavalavu, amene tsopano ayandikira pisitoni, ndipo mankhwala ake ndi kuyeza kumira kwa mavalavu n'kukonza mipando yake. Kusikima buloko, kusintha mapisitoni, makonirodi kapena kirankishafuti ndiko kumasintha kutuluka kwa pisitoni. Mukasintha chimodzi mwa izi, chizindikiro cha pa gasiketi yakale musachikhulupirirenso.

Ine ndinaphunzira movutika. Bambo wina amene amatenga mpunga kumbali ya nyanja ya Chilwa anabwera ndi 1HZ yoikidwa turbo. Ndinasikimitsa hedi, n'kugula gasiketi yochindikala kuposa zonse, mumtima ndikuti ndikuchepetsa kompuresheni kuti turbo ipume bwino. Mabawuti ndinabwezera akale. Mwezi wa June utafika galimoto inayamba kuvuta kuliza m'mawa, utsi woyera tolotolo mpaka anthu oyandikana nawo kudandaula. Isanathe miyezi itatu inalavula madzi pobwera kuchokera ku Liwonde. Atandiimbira ndinangoti, "Bambo, pepani, mlanduwu ndi wanga." Nditayeza, injiniyo inkafuna gasiketi yapakati, ndipo mabawuti angapo anali atatamuka moonekeratu. Gasiketi yochindikala siilimba kuposa inzake. Imangokulitsa kampata, dizilo n'kumayaka mosakwanira. Yopyapyala mopitirira ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa pisitoni imagogoda hedi.

Amene akufunadi kutsitsa kompuresheni achite ndi mapisitoni. Toyota yomwe, popanga 1HD-T ya turbo, kompuresheni inaitsitsa kufika pa 18.6 pamene ya 1HZ ili pamwamba pa 22, ndipo inasintha mapisitoni ndi hedi yomwe. Sinangochindikalitsa gasiketi.

4. Mtundu wa gasiketi

Pali mitundu iwiri imene mungaganizire pa galimoto yogwira ntchito. Woyamba ndi wofewa uja, wa graphite kapena zosakaniza zina, wokhala ndi mphete zachitsulo pa masilinda. Umakhululuka: nkhope ikakhala yokhakhala pang'ono umadzaza timizereto. Wachiwiri ndi MLS, mapepala achitsulo angapo osanjikizana, okhala ndi timizere totukuka togwira ntchito ngati sipuling'i. Hedi ikanyamuka pang'ono, timizereti timaitsatira, ndiye MLS imapirira boost, presha ya mpweya wochokera ku turbo, kuposa yofewa. Koma siikhululuka. Kamphira kopyapyala kokutira pamwamba pake sikangadzaze nkhope yokandika, ndipo pa buloko yakale yodyeka ndi dzimbiri imadontha madzi tsiku loyamba lomwe.

Maganizo anga ndi awa. Ngati injini inabwera ndi gasiketi yachitsulo kuchokera ku fakitale, bwezeranimo yachitsulo, musatsike. Ngati inabwera ndi yofewa ndipo buloko simukuitulutsa kukasikimitsa, yofewa yabwino ndi mabawuti atsopano idzakutumikirani kuposa MLS yoikidwa pa nkhope yoipa. Ngati injini yonse ili pansi ndipo nkhope zonse ziwiri zikonzedwa bwino, pitani pa MLS. Ya kopa isiyeni kwa a mipikisano: imagwira moto bwino ikakhala ndi waya wa O-ring (onani gawo 6), koma madzi ndi oyilo zimadontha, ndipo lole ya njerwa ilibe nthawi yomasulidwa mwezi ndi mwezi.

Pogula tengani nambala ya injini ndi gasiketi yakale. Sanjikizani ziwirizo pakauntala pomwepo, bowo lililonse la madzi ndi la oyilo ligwirizane. 3L ndi 5L zimafanana nkhope, koma silinda ya 3L ndi 96 mm pamene ya 5L ndi 99.5 mm, mphete ikalendewera m'silinda imapsa msanga. Gasiketi yopindika, yopanda chizindikiro cha kuchindikala, kapena yoti mphete zake zikusuntha ndi chala, ibwezeni.

5. Mabawuti kapena masitadi

Mainjini ambiri amene tikukambawa amamangidwa ndi mabawuti otamuka dala. Mumamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, kufika pa nambala inayake, kenako n'kupotokola madigiri. Pa 1HZ mabawuti 26 amamangidwa pa 69 Nm, kenako madigiri 90, kenakonso 90. Pa 3L ndi 5L mabawuti 18 amayambira pa 78 Nm, kenako 90 kawiri chimodzimodzi. Bawuti yotereyi ikatamuka siibwerera yonse. Buku limalola kuigwiritsanso ntchito ikayezedwa n'kupezeka mkati mwa malire, koma pa injini yowonjezeredwa mphamvu ine ndimagula atsopano, nkhani n'kuthera pomwepo.

Masitadi, ndodo za mathiredi zomangidwa ndi nati pamwamba m'malo mwa mabawuti, monga a kampani ya ARP, ndi achitsulo cholimba kwambiri ndipo amafinya mofanana chifukwa chimene chimazungulira ndi nati yokha. Amafunika pamene boost yakwera kwambiri kuposa ya fakitale, kapena pamene hedi yanyamukapo kale zonse zili bwino. Pa turbo yofatsa ya 0.5 mpaka 0.7 bar, mabawuti enieni atsopano amakwana. Mukagula masitadi, tsatirani nambala ya torque ndi mafuta opaka a amene anawapanga, osati za m'buku la injini. Nambala imodzimodziyo imafinya mosiyana kwambiri pa oyilo wamba ndi pa mafuta awo aja. Sitadi imalowa mu buloko ndi dzanja, siimangidwa ndi sipanala. Ndipo musadule ndodo ya mathiredi ya mu hadiweya n'kuitcha sitadi. Ndinaziwonapo, zinaduka tikumanga.

6. O-ring ndi fire ring: ambirife sitifika kumeneko

Anyamata amene amaonera mavidiyo a malole a Cummins a ku America amandifunsa za izi kawirikawiri. O-ring ndi waya wachitsulo wa pafupifupi milimita imodzi, wolowetsedwa m'kangalande kosemedwa mozungulira silinda iliyonse, pa hedi kapena pa buloko, n'kusiyidwa utatuluka 0.2 mpaka 0.3 mm kuti uzidinda mphete ya gasiketi. Umayenda ndi gasiketi yofewa ya mphete yachitsulo. Pa MLS wayawo umalimbana ndi timizere take tija. Kangalandeko kakaphonya pang'ono mphete, kapena kuya kwake kukasiyana, mwaipha hedi ndi manja anu. Fire ring imapita patsogolo: mphete ya gasiketi imachotsedwa, m'malo mwake n'kuikamo mphete yachitsulo payokha yokhala m'ngalande. Imafuna masitadi, imafuna kumangidwanso kangapo, ndipo siikondwa ndi galimoto yozima n'kuyaka kakhumi patsiku.

Njira zimenezi ndi za boost ya 3 bar kupita m'mwamba. Lole yonyamula mchenga wa ku Likangala kapena matabwa a kuphiri ikafika pofuna zoterezi, ndiye kuti mwaipatsa mafuta opitirira amene mapisitoni, kilatchi ndi radiyeta yake zingapirire.

7. Kumanga

Bowo lililonse la bawuti litsukidwe mathiredi ake n'kuuziridwa mpweya mpaka liume. Madzi kapena oyilo zikatsalira pansi pa bowo, bawuti imaoneka ngati yalimba isanafinye kanthu, ndipo nthawi zina buloko imang'aluka. Pukutani nkhope zonse ziwiri ndi thina pa nsalu yosasiya ulusi. Onetsetsani kuti timapini tolondolera hedi tilipo tonse.

Gasiketi imalowa youma. Silikoni ayi, girizi ayi, vanishi ayi. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena anatiphunzitsa kupaka girizi, koma anali magasiketi a nthawi ina. Silikoni amalepheretsa gasiketi kugwira chitsulo, ndipo wofinyikira m'kati amakatseka timabowo ta madzi ndi oyilo. Malo ake ndi pamene buku latchula pokha, monga pamphambano ya buloko ndi chivundikiro cha taimingi pa mainjini ena. Yang'anani chizindikiro cha kutsogolo ndi cha pamwamba. Gasiketi yotembenuzidwa imatha kutseka bowo la oyilo wopita ku hedi.

Hedi itsitsidwe ndi anthu awiri, molunjika, osaikwekwesa. Pakani oyilo pang'ono pa mathiredi ndi pansi pa mutu wa bawuti. Mangani kuyambira pakati kupita kunja mozungulira, m'magawo angapo, osafika pa nambala yomaliza ulendo umodzi. Musanayambe madigiri, lembani kadontho ka penti kutsogolo kwa mutu wa bawuti iliyonse. Mukamaliza 90 kawiri, timadontho tonse tiyang'ane kumbuyo, ndipo foni ikalira pakati pa ntchito simudzafunsa kuti ndinalekera pati. Zungulizani injini ndi dzanja kawiri kathunthu musanagwire kiyi. Mabawuti a madigiri samangidwanso pambuyo pake. Masitadi okhala ndi gasiketi yofewa amamangidwanso injini ikatentha n'kuziziratu, nati imodziimodzi, mwa dongosolo lomwe lija.

8. Chotsani chimene chinaipha

Bwezerani taimingi ya pampu pa nambala yake ndi geji, osati ndi khutu. Nozo zikayezedwe. Utsi wakuda pachitunda ndi mafuta amene akusanduka kutentha m'malo mwa mphamvu, ndipo kuno umabwera msanga: tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900, pamwamba pa phiri pamafika 2,000, ndipo mpweya umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mamita 1,000 alionse. Pampu imene inaikidwa bwino ku Liwonde imafuka ikafika ku Ku Chawe. Ikani geji ya boost ndi ya kutentha kwa ekizozi, yachiwiriyi ilowe pamalo pamene utsi usanafike ku turbo, ndipo dalaivala auzidwe kuti ikamayandikira madigiri 650 achotse phazi, atsitse giya. Singano ya madzi imachedwa kulankhula. Ikamakwera, hedi imakhala itamva kale.

Themositati ibwerere m'malo mwake, musaichotse. Chivundikiro cha radiyeta chikhale chatsopano, chifukwa presha yake ndi imene imachedwetsa madzi kuwira, ndipo kumtunda kuno madzi amawira asanafike madigiri 100. Radiyeta itsukidwe m'kati ndi kunja komwe, fani iyezedwe ngati ikugwiradi injini ikatentha. Thiranimo kulanti. Madzi a pamjigo kapena a mumtsinje ndi amene amadya nkhope ya buloko kuzungulira mabowo, mpaka gasiketi kusowa pogona.

Masiku awiri oyamba galimotoyo iyende yopanda katundu wolemera, ikutentha n'kuzizira. Tsiku lachitatu ikani theka la katundu, mukwere nayo phiri masana dzuwa lili pamutu, maso pa mageji. Mukafika pamwamba musazime nthawi yomweyo, isiyeni ilire mphindi ziwiri kapena zitatu, muone ngati botolo la madzi losefukira ladzaza. M'mawa mwake, musanalize, finyani payipi yapamwamba ya radiyeta ndi dzanja. Ikhale yofewa, madzi ali pamlingo pomwe munawasiya. Ikakhala choncho, uzani mwini wake akatenge katundu wathunthu.